Matewera pa Waya

Kwathu kwa Kalembo alipo anthu mpaka lero amene akandiona ndikudutsa amakodolana n'kumanong'onezana kuti uyo ndi mayi uja anathyola amake mkono. Ena mwa iwo n'kuti asanabadwe n'komwe, koma nkhani amaikamba ngati analipo. Eya, ndinawathyoladi. Ndinawamenya ndi mpiringidzo wa chitseko, ndi mphamvu zanga zonse, ndipo amene akudikira kuti ndipepese adikira mpaka atatopa. Imvani kaye mmene zinayendera, kenako muzikanena zanuzo.

Amuna anga ankagwira ntchito pamakina opunthira thonje ku Balaka, zaka zija mawu akuti chitaganya atangoyamba kumveka. Iwo anali woyang'anira injini. Chinali chinthu chachikulu, chakuda, chonunkha mafuta, ndipo chikayamba kulira m'mawa unkachimva mpaka m'mano. Injini imeneyo ndiyo inkayendetsa makina onse, ndiyonso inkapereka magetsi kuofesi ndi kunyumba ya mzungu. Popeza amuna anga ankafunika pafupi, anatipatsa nyumba kuseri kwa shedi ya injiniyo: zipinda ziwiri, denga la malata, pansi pa simenti. Ine wokulira m'nyumba yaudzu, simenti imeneyo ndinkaikolopa ngakhale isanade.

Posakhalitsa ndinayamba kuwavuta. "Inu mumapangira azungu kuwala tsiku ndi tsiku, ife tizingokhalira utsi wa koloboyi?" Ndinawavuta mpaka anakapempha, mzungu n'kuvomera babu imodzi. Waya anakoka okha. Anali waya wa makedzana uja, wopota ngati chingwe, mkati mphira kunja ulusi. Analowera pamwamba pa zenera la kuchipinda, n'kudutsa chipinda chonse atakolekedwa pamisomali, babu n'kulendewera pakati. Nyumbayo inali yaifupi, moti munthu ukaimirira n'kukweza dzanja, waya unkamufikira bwinobwino.

Tsiku lomwelo amuna anga anandikhazika pansi. "Amayi, mvetsetsani. Kakiyi kozimitsira kali pababu pomwepa. Mukazimitsa babu musaganize kuti waya wagona, iyayi. Injini ikamalira, moto ulimo. Musamugwire ndi manja onyowa, musapachikepo kanthu. Ndipo mukadzaona munthu wagwidwa, musamukhudze, mugwidwa nonse. Tengani mtengo wouma mumenye."

"Ndiye mudzagwidwe inuyo," ndinatero ine, "ndidzakubwezereni zonse zimene mumandilakwira."

Iwo sanaseke. Anandiuza kuti ndibwereze zimene ananenazo, ngati mwana wa katekisimu, ine n'kubwereza ndikupotoza kukamwa.

Tsono kuti mumvetse za amayi anga, muyenera kudziwa kuti mwana wanga woyamba anamwalira. Ndinachirira kumudzi, m'nyumba ya amayi, ndipo mwanayo sanatuluke n'komwe m'chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba kudikira kuti mchombo ugwe. Anatupa, n'kuleka kuyamwa, basi. Azimayi okhaokha ndiwo anakamuika, opanda nyimbo, opanda kulira mokweza. Akuluakulu anati ndi tsempho. Anati mwana wakhanda ndi wozizira, ndipo munthu amene wagona ndi mkazi kapena mwamuna ndi wotentha. Wotenthayo akalowa m'chikuta kapena kukhudza za mwana, mwanayo amapita. Anati alipo wina analowa. Sanamupeze, koma amayi anga anadziimba mlandu okha kuti sanalondere bwino pakhomo. Tinali Akatolika, korona sinkachoka m'khosi mwa amayi, koma zimenezi ankazisunga pamalo pake, za kutchalitchi pamalo pakenso.

Nditaima kachiwiri ndinakanitsitsa kukachirira m'nyumba ija. Ndiye amayi ndiwo anabwera ku Balaka, atakhala pamwamba pa matumba a thonje palole, kamtolo ka mizu kali m'manja. Munali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, pamene ku Balaka ngakhale mbuzi zimakana kuyenda masana. Ndinachira bwino, mwana wamkazi. Amayi anadula mchombo, n'kumanga, n'kupita kukatseka chitseko ndi mpiringidzo.

Malamulo anali osakambirana. Mwamuna asaponde pakhomo mpaka mchombo utagwa. Zenera lisatsegulidwe. Ndipo thewera la mwana lisaonekere kunja. "Kuno si kumudzi," anatero amayi. "Kuno kuli anthu a mitundumitundu, sudziwa amene wabwera ndi chiyani. Wina angodulako kansalu pachingwe, iwe uzidzati mwana wadwala malungo." Amuna anga anatenga mkeka wawo kukagona kushedi ya injini. Chakudya ankadyera kwa anzawo.

Nanga matewera tiyanika pati? Tinali titang'amba nsalu zakale zambirimbiri, ndipo amayi ankachapira m'chipinda momwemo, m'beseni. Atachapa koyamba anayang'ana uku ndi uku, n'kuona waya uja ali chidutsire pamwamba.

"Amayi, pamenepo ayi. Bambo a mwana analetsa."

"Analetsa chiyani? Chingwe ndi chingwe."

"Muli moto mmenemo."

Anamugwira, n'kumugwedeza. Unali m'mawa, injini isanalire. "Moto wake uli kuti? Iwe gona, wachira dzulodzuloli, usandiphunzitse kuyanika." Anayanika waya yense, kuyambira pazenera mpaka pafupi ndi babu, madzi ali dontho dontho pasimenti. Ine thupi lonse linali lophwanyika, ndinalibe mphamvu zokangana, ndinangotembenukira kukhoma.

Masiku oyamba sipanachitike kanthu, ndipo amayi ankandiyang'ana ndi diso loti waona. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni. Malata pamwamba, zenera lotseka, ndiye amayi ankathira madzi pasimenti kuti muzizizirako. Pansi sipankauma. Waya uja anayamba kugwera pakati chifukwa cha kulemera kwa nsalu zonyowa.

Tsiku lina masana amayi atagona tulo, mwana anadziipitsira. Ndinadzuka pang'onopang'ono, osavala kanthu kumapazi, n'kukweza dzanja kuti nditenge thewera. Mayo ine! Chinandiluma kuchokera kuzala mpaka m'chigongono, dzanja n'kubwerera lokha. Ndinakhala pansi, mkono wonse uli dzanzi. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pamsomali wapakati ulusi uja unali utawola, mphira itang'ambika, ndipo kachitsulo kofiira kanali kuonekera.

Ndinadzutsa amayi. Anapita kukagwira thewera lomwelo ndi nsonga ya chala, n'kudumpha. Ndinati tsopano amvetsa. Koma nkhope yawo inasintha mwa mtundu wina. Anatsata waya uja ndi maso mpaka pamene anatulukira pazenera.

"Chingwechi chimachokera kuti?"

"Kushedi."

"Kumene akugona bambo a mwanayu?"

"Eya, koma amayi..."

"Masiku onsewa chinali chozizira. Lero chatentha. Iwe ndiwe mwana? Sukumva zimene chikutiuza?" Anakhala pamkeka, manja ali m'mutu. "Wapita kwina mwamuna wakoyu. Watentha, ndipo kutenthako kukubwera ndi chingwe mpaka muno. Chitseko ndatseka, koma iye anadziikiratu njira yake."

Ndinakwiya mpaka misozi. Ndinawauza kuti ndi injini, ndi magetsi, ndi madzi awo akuthirawo. Ndinati tichotse nsalu zonse tiitane mwini wake adzadule wayayo kunja. Amayi anangoti, "Chotsa uyanike pati? Pamutu pako?" Atatero anatenga madzi a likambako, mankhwala aja osambitsira khanda, n'kuwasunga pambali. M'mawa mwake, injini isanalire, anaviika kansalu m'madzimo n'kupukuta waya yense kuti azizire. Anamugwira ndi dzanja lonse. Zii.

"Waona? Wazizira."

Injini italira, anayesanso. Chinawaluma kuposa dzulo.

"Wabwerezanso," anatero. "Ambuye, mwana ameneyu walakwa chiyani?"

Musaganize kuti amayi anga anali chitsiru. Chilichonse chimene ankaona chinkagwirizana ndi zimene ankadziwa. Ndipo ine ndemwe, nditagona chagada m'kutentha kuja, nthawi zina maganizo ankandipita kwa mkazi wina wogulitsa thobwa pageti, woseka mokweza uja, ndiye ndinkadzifunsa kuti kodi mwina. Koma chitsulo chofiira chija ndinali nditachiona ndi maso angawa.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. M'mawa uliwonse amuna anga ankabwera kudzaima patali, pansi pa mtengo wa mango, amayi n'kutsegula chitseko pang'ono, nkhope atalozetsa kumbali.

"Adzuka bwanji kumeneko?"

"Adzuka."

Basi, chitseko n'kutsekedwa. Ndinapempha amayi kuti akauze amuna anga za waya. Anati za mwamuna wosadzisunga akazikamba ndi ankhoswe, osati pakhomo la chikuta. M'mawa wotsatira, nditamva mawu a amuna anga panja, ndinadzuka kuti ndikuwe ndekha. Amayi ananditsekereza ndi thupi lawo. Sanakweze mawu.

"Ukamuitana, alowa. Ndimamudziwa, akamva za chingwe chakecho alowa. Akalowa, wachiwiriyu ukamuike wekha. Ine sindidzapitako."

Ndinayang'ana mwana ali pamkeka, tizibakera take ali chikungire, kamchombo kakuda kali lende koma kosagwa. Ndinakumbukira woyamba uja mmene anatupira. Ndinamva amuna anga akuchoka, nsapato zawo zikulira pamiyala, ndipo sindinakuwe. Mantha anali mbali zonse ziwiri, ndipo ndinadana nawo amayi anga m'mawa umenewo, ndikunena poyera.

Chimene ndinatha kuchita n'chochepa. Ndinatsitsa matiresi pabedi lachitsulo, matiresi ya thonje lotsala kumakina, n'kuikokera kukhoma, kutali ndi pamene madzi ankadonthera. Mwana ndinkamugoneka pamenepo. Ndinati injini ikamalira wina asakhudze waya, matewera tizichotsa usiku ikazima. Amayi ankati eya, koma khanda silidziwa nthawi ya injini. Ouma akatha ankapita kukathothola lina mwachangu, ngati munthu wolanda nyama pamoto, n'kumati akamafulumira sichiluma kwambiri. Tinkakangana monong'ona tsiku lonse. Mchombo nawo unachita ngati wakhomeredwa.

Linali dzuwa la masana, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a Kasupe koma mphepo kulibe. Amayi anali kusambitsa mwana m'beseni pakati pa chipinda. Mwanayo anapalapata, madzi n'kutayikira pansi ponse. Ine ndinali pamatiresi, ndikupinda nsalu. Anamutulutsa m'madzi, n'kumugoneka pamkono wamanzere, n'kuimirira.

"Amayi, dikirani, louma lili kuno."

"Limenelo n'lokhakhala," anatero, n'kukweza dzanja lamanja, madzi akutsika m'chigongono.

Thewera limene anafuna linali pamsomali wapakati paja. Sanalithothole. Dzanja lawo linafumbata waya ndi nsalu yomwe, n'kukanirira. Thupi lonse linauma gwa, mutu n'kupita m'mbuyo, mano atalumana. Sanakuwe. Kukhosi kwawo kunkangotuluka kaphokoso kakang'ono, ndipo zala za kumapazi zinapindika m'madzi muja. Mkono wamanzere nawo unali kufinya, kufinya, ndipo mwana wanga anali m'kati mwake. Analira kamodzi n'kuleka.

Ndinaimirira manja atatambasuka kale kuti ndimulande. Ndinatsala pang'ono kumugwira. Chimene chinandibweza sindichidziwa, kaya ndi madzi amene ndinaponda, kaya ndi mawu aja ndinkawabwereza mopotoza kukamwa. Mugwidwa nonse. Ndinatembenuka. M'chipindamo munalibe mtengo wina koma mpiringidzo wa pachitseko, wa mlombwa, wolemera. Ndinausolola. Ndinakankha matiresi ndi phazi kuti ifike kumbuyo kwawo. Ndiye ndinayang'ana mkono umene unandilera, umene unandisambitsa ine ndemwe masiku omwewa nditachira, n'kuumenya.

Koyamba ndinamenya mwamantha, sunachoke. Kachiwiri ndinamenya ngati ndikuwaza nkhuni. Ndinamva fupa likuti thyo! Waya anaduka pamsomali, moto n'kuthetheka, babu n'kuphwanyika pansi. Amayi anagwa chagada, msana pamatiresi, miyendo pasimenti, mwana akadali m'khwapa mwawo. Pamenepo ndi pamene ndinayamba kukuwa.

Kushedi kuja china chake chinaphulika waya ataduka, ndipo amuna anga anadziwa kuti ndi wa kunyumba. Injini inazima. Sindinamvepo bata loopsa ngati limenelo. Ndinagwada kuyesa kutsegula mkono wa amayi, koma unali wouma gwa. Mwana anali phee, milomo itada.

Chitseko chinali chitatseguka chokha popeza mpiringidzo ndinali nditachotsa. Nditadzutsa mutu ndinaona amuna anga ali pakhomo, akupuma mwawefuwefu, manja ali bii ndi mafuta. Anali ataima. Ndithu, munthu uja anaima pakhomo, phazi limodzi lili m'mwamba, akuyang'ana ine. Naye anaika mwana woyamba uja mumtima mwake, naye anamva zimene akuluakulu ananena.

"Lowani!" ndinakuwa. "Mukuyang'ana chiyani? Lowani!"

Analowa. Anakankhira waya kukhoma ndi mpiringidzo womwe uja, n'kugwada, n'kukanula mkono wa apongozi awo amene chikwatirire anali asanawagwirepo ngakhale moni wa padzanja. Anatenga mwana, n'kumutembenuza, n'kumusisita pamsana ndi zala zamafuta zija. Palibe. Anamuuzira kumaso. Palibe. Anamuuziranso, n'kumumenya pang'ono kuphazi. Ndiye kanatsokomola, n'kukoka mpweya, n'kulira kulira kwaukali, kofiira, kumene ndimakumva mpaka lero ndikatseka maso.

Amayi anatsitsimuka ndi kulira komweko. Anatsegula maso, n'kuona denga, n'kuona ine, n'kuona mkamwini wawo atanyamula khanda la m'chikuta, mizere yakuda ya mafuta ili pamsana pake. Mkono wawo unali utapindika pamalo posapindika, chikhatho chitapsa mzere woyera. Zimenezo sanaziyang'ane n'komwe.

"Ndani wamulowetsa?"

"Ndine," ndinatero.

Anatseka maso, misozi n'kumatsikira m'makutu.

Mzungu anatumiza lole kuti iwatengere kuchipatala cha mishoni. Anakana. Anawanyengerera anthu, ine ndinawakalipira, amuna anga anagwada panja kuwapempha. Iwo anati sachoka mchombo usanagwe. "Mwanayu wagwidwa ndi mwamuna. Ndikachoka ine, amusamalira ndani? Iweyo, wodziwa kumenya basi?" Anauza mkazi wa mnzathu wina kuti adule nsungwi awamange mkonowo, pachikhatho n'kuikapo masamba. Matewera tsopano tinkayanika pabedi lachitsulo lija, ndipo ankanunkha chinyezi, koma panalibe wodandaula.

Madzulo a tsiku lomwelo anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anaitanitsa amuna anga kuti aime pakhomo, n'kuwayang'ana m'maso, maso ndi maso.

"Bambo, manyazi atha lero. Ndiuzeni zoona kuti ndidziwe mankhwala ake. Munapita kwina?"

"Iyayi, amayi."

"Mungalumbire pa mwanayu?"

"Ndalumbira."

Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu. Kaya anakhulupirira kaya ayi, sanandiuze.

Masiku otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. M'mawa uliwonse amayi ankavula mwana ndi dzanja lamanzere, n'kumutobwanya m'masaya, m'miyendo, pamimba, kufunafuna kutupa. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo ndikuyang'anitsitsa. Mwana akachedwa kuyamwa pang'ono, ndinkati kodi amayi ananena zoona, kodi ndamupulumutsa kumoto n'kumupereka kwina. Amene ankatupa anali amayi. Dzanja lija linakula, n'kuyamba kununkha, thupi n'kutentha, koma ukawatchulira lole ankakuyang'ana ngati watukwana.

Mchombo unagwa m'mawa wina, tinaupeza m'thewera, kakang'ono, kouma. Mwana anali wosalala, akuyamwa ngati walipidwa. Amayi anadzuka okha, akudzandira, n'kutuluka kuseri kwa nyumba. Anakumba ndi dzanja lamanzere, n'kuukwirira, n'kupondapo. Anabwerera, n'kumeta mwana tsitsi ine nditamugwira mutu, n'kumutulutsa panja kuti aone dzuwa. Atatha zonsezo anati, "Tsopano itanani lole yanuyo."

Kumishoni asisitere anawakalipira kuti anachedweranji. Fupa analimanga, linalumikizana mokhota. Koma bala la m'chikhatho linali litadya mkati, ndipo zala zinapindika osatambasukanso mpaka imfa yawo. Ankalima ndi kakhasu kakafupi, kudzanja lamanzere. Kumudzi ankauza anthu kuti anaterereka pasimenti ya ku Balaka. Nkhani ya mpiringidzo inafika kwathu ndi mkazi uja anadula nsungwi, pakamwa pake Mulungu amukhululukire. M'nyumba ya magetsi sanalowemonso, ndipo ife waya wina sitinakokenso, tinabwerera ku koloboyi wathu.

Tsiku lobwerera kwa Kalembo ndinawaperekeza kumsewu, mwana ali kumsana. Chiyambire tsiku lija tinali tisanakambepo za mpiringidzo. Lole itaima, ndinaona akuvutika kukweza kamtolo kawo ndi dzanja limodzi, linalo lili m'nsalu yokoleka m'khosi, ndipo ukali wanga wonse unasungunuka. Ndinayamba kulira pamsewu pomwepo ngati kamwana.

"Amayi, dzanja lanu."

"Iwe, usandilire ngati maliro, anthu akuona." Anandizungulira, n'kukweza nsalu kumsana kwanga ndi dzanja lamanzere, n'kumuyang'ana mwana m'masaya komaliza. "Koyamba kaja unamenya ngati ukuopa. Ndinamva, usaganize kuti sindinamve. Ukanachedwa pang'ono ndikanadzakumenya ndine."

"Koma simudzathanso kusinja, simudza..."

"Manja ndinali nawo awiri," anatero amayi. "Iwe ana unali nawo angati?"

Anaponda patayala, anthu n'kuwakokera pamwamba.